Diso Lopenya M'kati mwa Thupi, ndi Mangawa a Iye Amene Waona



Tsiku lina la Mulungu m'mwezi wa June, titaturuka m'kacisi, tinakhala pansi kuseri kwa khoma kuothera dzuwa, pakuti mphepo ya kuno ku mapiri siopa munthu. Pamenepo inabuka nkhani ya mkuru wina wa pakati pathu, amene wakhala alikutsokomola miyezi itatu, ndipo thupi lirikutha. Ana ao anawadandaulira kuti apite ku cipatala akawaunike m'cifuwa, koma iwo anakana, nati, "Cimene Mulungu anacikuta ndi khungu, ine ndicibvundukulirenji? Ndikadziwa ndidzafa kawiri, poyamba ndi mantha, pambuyo pace ndi nthenda." Anyamata anaseka. Ife sitinaseka, cifukwa mau amenewa si a munthu wopusa, ndipo ambiri a ife tiri nao mumtima ngakhale sitiwanena. Cifukwa cace tafuna kufunsa poyera: kodi nkwabwino kuti munthu adziwe zobisika za m'thupi mwace? Ndipo zikadziwika, cimene cigwera iye ndi abale ace nciani?

Umo diso limeneli linadzera

Makolo athu anadziwa za m'kati mwa ng'ombe ndi mbuzi, popeza anazitumbula. Koma za m'kati mwa munthu wamoyo anangoganizira. Ndi madotolo a ku Ulaya omwe anali cimodzimodzi: anamvera cifuwa ndi khutu, nagogoda ndi zala, monga mai agogoda mphika pamsika kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Zinatero kufikira pa 8 November 1895, pamene mphunzitsi wina wa ku Würzburg m'dziko la Germany, dzina lace Wilhelm Röntgen, anapeza kuwala kosaoneka ndi maso, kumene kupyola mnofu koma kutsekerezedwa ndi pfupa. Atapita masabata owerengeka anajambula dzanja la mkazi wace, ndipo pa cithunzi panaoneka mafupa a zala ndi mphete yace. Uku ndiko kuyamba kwa X-ray, caka cimodzi Inkosi Gomani woyamba asanaphedwe, ndi zaka 7 isanayambe Misyoni ya ku Mlanda. Röntgen anakana kulembetsa nzeruyo kuti ikhale cuma ca iye yekha, ndipo inafalikira msanga maiko onse.

Njira yaciwiri yopenyera m'kati ndiyo ya mau. Tidziwa tonse kuti mbusa wa ng'ombe akapfuula kuyang'ana phiri, liu lace limbwerera, ndipo likabwera msanga adziwa kuti thanthwe liri pafupi. Mu 1958 dotolo wina, Ian Donald, wa ku Glasgow, mzinda umene David Livingstone anaphunzirako za mankhwala, anaonetsa kuti njira yomweyo ikhoza kupenya m'mimba mwa munthu. Iye ndi mmisiri Tom Brown anayambira pa cipangizo cimene amisiri anafunira naco ming'alu m'zitsulo. Liu losamveka ndi khutu lilowa m'thupi, ligunda mutu wa mwana kapena cotupa, libwerera, ndipo makina alemba cithunzi. Ndiyo sikani imene amai oyembekezera ainena. Koma makina oyambawo anali atali koposa munthu, olemera kosanyamulika, ndipo wodwala anayenera kuwatsata kumene anali.

Tsono cimene cacitika m'masiku athu ndico cakuti zinthu zimenezi zacepa. Mu 1947 amisiri a ku America anapanga transistor, ndiko kacitseko kakang'ono kotsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Mu 1958 Jack Kilby anaphunzira kuika tizipangizo tingapo pa kabenthu kamodzi. Ndipo lero pa kabenthu konga cikhadabo pakhala tizitseko tosawerengeka ndi munthu. Mu 2018 anayamba kugulitsa sikani yochedwa Butterfly iQ, imene ilowa m'thumba la namwino. Pamutu pace pali ting'oma pafupi 9,000, tosemedwa pa kabenthu kamodzi, tating'ono kotero kuti diso silitizindikira kamodzi kamodzi. Ting'omato tinjenjemera ndi kutumiza liu m'thupi, ndipo tomweto timvera pamene libwerera. Cithunzi cioneka pa foni ya m'manja. Mtengo wace poyamba unali pafupi madola 2,000, pamene makina akuru agulidwa ndi madola zikwi makumi angapo.

Ziripo zinanso. Kuyambira 2001 kuli kamera yomeza ngati mbulu wa mankhwala, yopangidwa ndi Gavriel Iddan wa ku Israel, yotalika mamilimita 26. Iyenda m'matumbo maora 8 ndi kujambula zithunzi pafupi 50,000. Ndipo mu 2016 kunabvomerezedwa kacipangizo kolimbikitsa mtima kugunda, kolemera ngati magalamu awiri, kamene dotolo akalowetsa kupyolera mu mtsempha wa m'ncafu nakaika mu mtima momwe. Zina mwa izi sizinafike m'zipatala zathu za kumidzi. Koma zina tiri nazo kale: kacipangizo koyezera malungo ndi dontho limodzi la mwazi kanafalitsidwa m'dziko lonse la Malawi mu 2011, ndipo makina a GeneXpert, amene bungwe la World Health Organization linawabvomereza mu 2010, apeza cifuwa cacikuru m'makhololo pa maora awiri. Cotero diso limene kale linakhala ku Ulaya lirikudza kufupi ndi makomo athu, ndipo funso la mkuru uja lidzagwera banja liri lonse.

Kodi ndiko kusuzumira m'zinsinsi za Mulungu?

Mau oyamba otsutsa ndi amene tawamva kale. Ena awonjezapo kuti makolo athu oyamba anagwa m'munda muja cifukwa ca kufuna kudziwa. Koma tiyeni tilingalire bwino. Kulakwa kwa Adamu sikunali kufuna kudziwa umo mtengo umerera kapena umo nthiti zikhalira, koma kukana lamulo ndi kufuna kulingana ndi Mlengi. Kudziwa cilengedwe ndi nkhani yina. Mlimi akumba mbatatesi imodzi kuti aone ngati munda wakhwima, ndipo palibe amnenera kuti wasuzumira m'zinsinsi, ngakhale Mulungu anaikuta ndi dothi. Khungu linapatsidwa kuti licinjirize thupi, si kuti libise nthenda kwa wofuna kuiciritsa.

Kumbukiraninso Yosefe ku Aigupto. Iye anadziwitsidwa za njala zaka zisanu ndi ziwiri isanafike, ndipo sanati, Nkwabwino tisadziwe, tingafe ndi mantha. Koma anamanga nkhokwe. Kudziwa msanga kupatsidwa kuti munthu akonzeke. Amene apenya zala za mwana wosabadwa pa sikani, ndi kamtima kace kalikugunda, sapeputsa Mlengi cifukwa ca ico. Ambiri aturuka m'cipindamo alikuzizwa koposa umo analowera.

Kodi ndiwo ula wa Azungu?

Ena ati, "Inu munatiletsa ula, ndipo taonani mwatibweretsera ula wina wa magetsi." Kufanana kulipo ndithu: konse kuwiri munthu wobvutika apita kwa wodziwa, ndipo wodziwayo apenya pa kanthu nanena zobisika. Koma kusiyana kuli pa funso. Ula ufunsa kuti, Ndani? Makina afunsa kuti, Nciani? Wobwera kocokera ku ula adza ndi dzina la munthu, kawirikawiri la nkhalamba yopanda woiteteza, ndipo mudzi ugawanika. Wobwera kocokera ku sikani adza ndi dzina la nthenda, ndipo dotolo wina wa ku Dedza kapena ku Lilongwe, wosadziwa konse za milandu ya pamudzi pathu, akhoza kuunikanso napeza comweco.

Taonani citsanzo ca m'dziko lathu lino. Tonse tinaonapo mwana wodwala malungo alikukomoka, maso atatembenuka, ndipo pa maliro ace anthu alikunong'onezana za ufiti. Mu 2008 makina akuru a MRI, openya mu ubongo ndi mphamvu ya maginito, anaikidwa pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa khama la Dr. Terrie Taylor ndi anzace. Mu 2015 Dr. Karl Seydel ndi anzace analengeza zimene anaona mwa ana 168 okomoka ndi malungo. Ana 25 anamwalira, ndipo mwa iwo 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anacira, otupa motero anali 39 okha. Ubongo ukatupa usowa malo m'cigaza, upsinja pamene palamulira mpweya, ndipo mwana aleka kupuma. Palibe gogo amene anapezeka pa cithunzico. Makina oyambawo anafuna nyumba yao yao. Koma pofika 2022 pa cipatala comweco panali MRI yaing'ono ya magudumu, imene aikankha kufikira pa kama wa mwana. Ngati diso lotere licotsa citonzo pa nkhalamba imodzi yosalakwa, Akristu tiyenera kulilandira.

Nanga kudziwa kopanda cithandizo?

Mau acitatu otsutsa ndiwo olemera, ndipo sitifuna kuwalumpha. Munthu ati, "Adzandiuza kuti ndiri ndi cotupa, nadzanditumiza ku boma la Ntcheu, a ku Ntcheu adzanditumiza ku Lilongwe, ndalama ya galimoto ndiribe. Ndidzabwerera kwathu ndi nthenda yomweyo, nditasenzanso mantha. Ndapindulanji?" Izi nzoona nthawi zina. Cithunzi ca nsima sicikhutitsa munthu, ndipo cithunzi ca nthenda siciciritsa. Zaka zambiri, kufikira 2024, wodwala khansa amene anafunika kuocedwa ndi makina a mphamvu ya kuwala sanathe kuthandizidwa m'Malawi muno, koma kutumizidwa kunja, ndipo opita anali owerengeka. Makina aonongeka, magetsi azima, ndipo odziwa kuwerenga zithunzi ali ocepa. Ndiponso kucepa kwa zipangizo kuli ndi ngozi yace: cimene cilowa m'thumba la namwino cikhoza kulowanso m'thumba la munthu wosaphunzira wofuna ndalama. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa m'dzanja la wosadziwa kumeta kaceka khutu.

Tibvomera zonsezi. Koma tiyankha ndi mau atatu.

Loyamba, nthenda zambiri zimene zipha anthu athu ziri ndi mankhwala, zikapezeka msanga. Cifuwa cacikuru cicira ndi mankhwala a miyezi 6, operekedwa kwaulere. Pa cipatala ca Nkhoma, kuyambira 2013, pamodzi ndi anzao a ku Scotland, anamwino anayamba kuunika amai khomo la cibelekero ndi viniga wamba. Ndipo akaona banga limene likhoza kusanduka khansa, aliocha ndi kacitsulo kotentha kosakwana mphindi imodzi, tsiku lomwelo, mai nabwerera kwao. Pamenepo kuona ndi kuciritsa ziyenda pamodzi, monga kuyenera.

Laciwiri, ngakhale nthenda ikhale yosaciritsika, kudziwa sikuli cabe. Wodziwa saononga ng'ombe zace kwa oombeza, saloza mbale wace cala, alandira mankhwala oletsa ululu, akonza za munda ndi za ana, nayanjana ndi amene anayambana nao. Amenewa ndi mapindu akuru kwa munthu amene akhulupirira kuti imfa si citsiriziro.

Lacitatu, ndipo apa ndipo pagona nkhani: kusadziwa kwa munthu sikukhala kwa iye yekha. Mkuru wotsokomola agona m'nyumba imodzi ndi adzukulu, ndipo m'nyengo yozizira zitseko ndi mazenera atsekedwa. Iye akhoza kusankha kuti asadziwe, koma adzukulu sanasankhe kupuma mpweya wace. Tingalole munthu kuseweretsa mtendere wace, koma moyo wa ana si wace kuti auseweretse.

Woona ali ndi mangawa

M'fanizo lija la munthu wobvulazidwa panjira ya ku Yeriko, kumbukirani kuti onse atatu anamuona. Wansembe anali nao maso, Mlevi anali nao maso. Ndipo akadakhala akhungu sakadatsutsidwa. Cimene cinasiyanitsa Msamariya ndico cimene anacita ataona. Cotero ife tinena kuti diso latsopanoli ndi mphatso yabwino, koma mphatso yodza ndi mangawa. Masiku a makolo, mai akafa pobala, anthu anati, Sitinadziwa. Ndipo ananena zoona. Ife mau amenewo alikucotsedwa pakamwa pathu.

Tiyerekeze mai woyembekezera wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mai ali yense aunikidwe ndi sikani kamodzi pakati pasanakwane masabata 24, kuti adziwike masiku ace ndiponso ngati ali mapasa. Mai uyu waunikidwa, ndipo pafupi ndi masiku ace mzamba waona kuti mwana wagona copingasa, namuuza kuti akakhale ku cidikiro pafupi ndi cipatala ca opareshoni. Makina atha nchito yao. Tsopano yatsala nchito ya anthu. Mwamuna wagulitsa matumba a mbatatesi pa msika wa Lizulu. Kodi ndalamayo ipita ku ulendo wa mkazi wace, kapena ku mowa ndi wailesi? Apongozi ati, "Ife tonse tinabalira pakhomo, ndipo tiri moyo;" koma amene sanakhale moyo sali pano kuti awayankhe. Ndani adzasunga ana otsala? Ndani adzatuma ufa ndi nkhuni ku cidikiro? Ngati mai ameneyu akhala pakhomo nafa usiku panjira, sitingathe kunena kuti ndi tsoka, pakuti tinauzidwa. Mu 2004 kuwerengera kwa Boma kunapeza kuti amai 984 anafa ndi ucembere pa ana 100,000 obadwa amoyo; pofika 2015 ndi 2016 anali 439. Amai sapulumuka ndi cithunzi cokha, koma ndi anthu amene amvera cimene cithunzi canena, nasenza katundu wace.

Mangawa amenewa agwera anthu a mitundu inai.

Agwera wodwala, kuti apite nthenda isanakule, ndi kumwa mankhwala kufikira atatha, osalekeza pamene thupi layamba kupepuka.

Agwera abale, amalume ndi ankhoswe, kuti asatumize munthu kukamva mau olemera ali yekha, ndi kuti asunge cinsinsi cace. Cimene caoneka m'thupi la mnzathu si nkhani ya ku cigayo kapena ku mjigo. Anthu ambiri akana kuunikidwa, si cifukwa ca kuopa makina, koma cifukwa ca kuopa malilime athu.

Agwera ana athu amene aphunzira unamwino ndi udotolo. Inu amene mugwira zipangizo zimenezi, musapenye foni yokha, mupenyenso nkhope ya amene wagona pa kama. Nenani zoona, koma mofatsa ndi m'cinenero cimene gogo acimva. Ndipo pamene simunaone bwino, musacite manyazi kuitana wodziwa koposa inu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Makina aona cotupa, koma saona kuti mai uyu wasiya ana anai kwa mnansi, ndi kuti alibe ndalama yobwererera. Izi muziona ndinu.

Agwera Eklesia. Tiri nao mwambo wabwino wa kusonkha ufa, nkhuni ndi ndalama pa maliro, ndipo palibe akana. Kodi sitingathe kusonkha mwezi umodzi maliro asanafike, kuti asafike? Ndalama yogula matabwa a bokosi ikadakwanira galimoto yopita ku Ntcheu ndi kubwera. Tipempha akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano kuti alingalire za thumba la odwala m'dera liri lonse, lolembedwa bwino m'buku, kuti munthu amene wauzidwa kuti apite msanga asagone masabata awiri alikufuna ngongole. Ndipo tikumbutse atsogoleri a dziko, mwaulemu koma kosaleka, kuti kugula diso ndi kusagula mankhwala ndiko kuonetsa munthu mtsinje ndi kummana bwato. Röntgen sanabisa nzeru yace kwa osauka. Iwo amene aigwira lero asaibise.

Sitinena kuti makina adzacotsa imfa. Amene anaciritsidwa ndi Ambuye mwini m'Galileya anafanso pa nthawi yao. Ndipo liripo gawo la munthu limene X-ray kapena sikani siliona: kaduka, cinyengo, cisoni, cikhulupiriro. Munthu akhoza kubwera ndi cithunzi coyera ca m'cifuwa, mtima wace uli wodzala ndi udani pa mbale wace. Limenelo liri ndi Woliunika wace, amene sasowa magetsi. Koma Iye amene anatipatsa mzimu anatipatsanso thupi, ndipo tidzafunsidwa za zonse ziwiri.

Titsirize ndi mkuru uja. Anthu atabalalika, awiri a ife tinawaperekeza kwao, ndipo sitinawatsutsa ndi mau ambiri, koma tinawafunsa za adzukulu amene agona nao. Anakhala cete nthawi yaitali, alikupenya pansi. Pamenepo anati, "Ana anga, si makina amene ndiwaopa. Ndiopa kukhala pa benci ndekha, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wanga nandiuza mau amene sindidzatha kuwasenza pobwerera." Tinawayankha kuti, "Bambo, simudzakhala nokha." Tapangana kuti Lolemba likudzali tidzadikira minibasi pamodzi pamseu, ndipo amai a Cigwirizano asonkha kale ndalama ya ulendo. Cimene cidzaoneka pa cithunzi sitinacidziwe. Muwakumbukire m'mapemphero anu. Ndipo inu owerenga, penyani m'mudzi mwanu: ndani alikutsokomola, ndani ali pafupi ndi masiku ace, ndani anauzidwa kuti abwerenso ku cipatala ndipo sanapite? Mupite mukamfunse cimene cimletsa.

Tsalani ndi mtendere.